KODI ZAMBIA AYENERA BOMA LA CITAGANYA?

Mau amene analankhula Mkulu wa Zofalitsa Nkhani za Boma pa msonkhano wa atsogoleri a mawadi ndi nthambi za Cipani m'boma la Rufunsa



Pa msonkhano wathu wapita, ambuye ena okalamba anaimirira kumbuyo uko nandifunsa funso. Anati makala acokera kuno, cimanga cicokera kuno, nyama za m'chire zimene alendo alipira ndalama zambiri kuti aziombere ziri kuno, koma ndalama ziyamba zapita ku Lusaka, ndipo zikamabwerako zibwera mocedwa ndi mocepa. Nanga n'cifukwa ninji cigawo ciri conse cisakhale ndi boma lake-lake monga acitira ku Nigeria? Ena a inu munaseka. Ena munapfuula kuti ambuyewo afuna kutibwezera Welensky. Ine sindinaseke, pakuti funsolo ndi lolemera, ndipo munthu amene afunsa za kayendetsedwe ka dziko lake sanalakwire Cipani kapena Boma. Ndinalonjeza kuti ndidzabwera ndi yankho, tsono lero ndabwera nalo.

Tiyambe tamvana za dzinalo. Boma la citaganya, limene ena achula kuti fedulo, ndi boma limene mphamvu zake zigawidwa pawiri. Pali Boma lalikulu losunga asilikari, ndalama za dziko ndi ubale ndi maiko ena. Palinso maboma a zigawo, liri lonse ndi nyumba yake ya malamulo, nduna zake ndi misonkho yake. Cacikulu n'cakuti kugawako kulembedwa m'Malamulo Oyendetsera Dziko, kotero kuti Boma lalikulu silingadzuke m'mawa ndi kulanda cimene ciri ca cigawo. Inu alimi mudziwa kusiyana kwa munda wobwereka ndi munda wa makolo. Wobwereka ungalimemo zaka khumi, koma mwini akaufuna ucokamo. Wa makolo palibe angakucotsemo popanda mlandu kwa Mfumu. Mphamvu ya cigawo m'dziko la citaganya iri ngati munda wa makolo. M'dziko la boma limodzi monga lathu, mphamvu ya Khonsolo kwa zaka zambiri inali munda wobwereka.

Tsono n'cifukwa ninji dzina limeneli liwawa m'makutu mwa anthu a Zambia? Akulu-akulu muli pano mudziwa, koma acinyamata ayenera kumva. M'caka ca 1953 Boma la Britain linamanga pamodzi maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndi kuika likulu lao ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Eni dziko anakana poyera. Mafumu anakana, a African National Congress anakana, ndipo a Harry Nkumbula anatentha pepala la Boma lofotokoza za Citaganyaco pamaso pa khamu la anthu mu Lusaka. Atsamunda sanamve. M'Nyumba ya Malamulo ya Citaganya munali mipando 35, ndipo anthu akuda, amene anali mamiliyoni, anapatsidwa mipando 6 cabe, iwiri dziko liri lonse. Nduna Yaikulu yoyamba, a Godfrey Huggins, anayerekeza ubale wa mzungu ndi munthu wakuda ndi ubale wa wokwera ndi kavalo wake. Palibe anafunikira kufunsa kuti kavalo ndani.

Onani m'mene cuma cinayendera. Mkuwa unali kukumbidwa ku Migodi kwathu kuno, koma pafupi-fupi magawo awiri mwa atatu a msonkho wa pa mapindu ndi malipiro anali kupita m'thumba la Boma la Citaganya. Mafakitale ambiri anamangidwa kumwera kwa Zambezi. Sukulu yaikulu ya ukacenjede inamangidwa ku Salisbury. Anthu a kuno anafuna kuti magetsi apangidwe pa mtsinje wa Kafue, umene uli m'kati mwa dziko lathu, koma mu 1955 Boma la Citaganya linasankha Kariba, ndipo nyumba ya makina linaiika ku tsidya la kumwera. Atonga okwanira 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa, ndipo mu 1958 apolisi anaombera ndi kupha ena mwa anthu a ku Gwembe amene anakana kucoka. Tinacita kudikira ufulu kuti timange Kafue Gorge ndi makina athu-athu a kumpoto kwa Kariba m'zaka za m'ma 1970.

Panali ngakhale kabungwe kochedwa African Affairs Board, kamene anati kadzachinjiriza anthu akuda ku malamulo a tsankho. Mu 1957 kabungweko kanadandaula za lamulo losintha mipando ya m'Nyumba ya Malamulo, koma a ku London analola lamulolo kupita. Ici cisungeni, pakuti tidzabwererako. Citetezo colembedwa papepala cigwira nchito pokha-pokha ngati anthu amene cifuna kuwateteza ali ndi voti ndi mau.

Citaganyaco cinafa pa 31 December 1963, pambuyo pa Cha Cha Cha wa 1961 ndi masankho a 1962, ndipo palibe anacilira kuno. Koma anzanga, tikambe zoona. Cimene cinaipa m'Citaganya ca Huggins ndi Welensky sicinali kugawa mphamvu ai. Cinali cakuti anthu ocepa anagawana dziko eni ake osafunsidwa. Munthu amene analumidwa ndi njoka athawa ngakhale luzi, koma mtsogoleri wa nthambi ayenera kudziwa kusiyanitsa luzi ndi njoka.

Ubwino wa boma la citaganya ulipo ndithu, ndipo sindidzaubisa. Woyamba ndi wakuti wolamula akhala pafupi ndi wolamulidwa. Munthu wokhala mu ofesi ku Ridgeway sangadziwe kuti ndi kamtsinje kati kamene kadula ana a sukulu mu February. Adziwa ndi amai amene awaolotsa. Wina ndi wakuti m'dziko lalikulu la mitundu yambiri, anthu amene aopa kumezedwa apeza mpumulo. Dziko la India mu 1956 linakonzanso malire a zigawo zake motsata zilankhulo, ndipo ambiri amene ananeneratu kuti dzikolo lidzasweka anacita manyazi. Ku Switzerland anthu olankhula zilankhulo zinai akhala pamodzi m'zigawo 26. Ku United States kuli zigawo 50, ndipo cigawo cimodzi cikayesa njira yatsopano niilephera, zinzake ziphunzirapo osaonongeka nazo. Ndiponso mphamvu yogawidwa ibvuta kuiba yonse pamodzi. Wolamula woipa ku likulu apeza makoma ena omuchinga.

Koma walira mvula walira matope. Nigeria amene ambuye aja anachula analandira ufulu mu 1960 ali ndi zigawo zitatu zazikulu, ciri conse ndi mtundu wake waukulu ndi cipani cake. Mu 1967 cigawo ca kum'mawa cinadzipatula ndi kudzicha Biafra, ndipo nkhondo imene inatha mu 1970 inapha anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo ndi njala. Anthu a ku Nigeria sanataye citaganya, koma anacikonza mwa kuphwanya zigawo zazikuluzo: zinakhala 12 mu 1967, 19 mu 1976, ndipo kuyambira 1996 ziri 36. Ngakhale tero mkangano wa ndalama za mafuta sunathe, ngakhale kuti Malamulo ao a 1999 apatsa zigawo zotulutsa mafuta gawo la 13 pa 100 iri yonse. Pafupi ndi ife, Moïse Tshombe anapatula Katanga ku Congo mu July 1960, cifukwa mkuwa unali kumeneko ndipo makampani a ku Belgium anali kumbuyo kwake. Atsogoleri athu a nthawi ya ufulu anaona moto umenewo ndi maso ao, kungodumpha malire kucokera ku Ndola ndi ku Mufulira. Ndico cifukwa cake anagwiritsa mau akuti Zambia Mmodzi, Mtundu Umodzi, m'dziko la mitundu yoposa 70.

Sindingadumphe nkhani ya ku Bulozi, pakuti ndiyo inafika pafupi kwambiri ndi citaganya m'dziko lathu la ufulu. Pa 18 May 1964 ku London, a Kenneth Kaunda, Litunga Mwanawina Lewanika III ndi nduna ya Britain a Duncan Sandys anasaina cipangano cakuti Barotseland adzalowa mu Zambia ali ndi mphamvu zake pa malo, makhoti a mwambo, nkhalango, usodzi ndi misonkho ina. Pasanapite nthawi malamulo atsopano anayamba kucepetsa mphamvuzo, ndipo mu 1969, pambuyo pa referendamu, cipanganoco cinafafanizidwa ndi dzina la cigawo linasinthidwa kukhala Western Province. Boma la nthawiyo linati silingalole dziko m'kati mwa dziko. Anthu ambiri a kumeneko anati lonjezo lathyoledwa, ndipo cilondaco cinatulukanso magazi ku Mongu mu January 2011. Ali yense aweruze yekha. Ine ndingoti pamene munthu wa ku Mongu akamba za citaganya, akamba za cinthu cimene cinalembedwa ndi kusainidwa, ndipo tisamuyankhe ndi cipongwe.

M'malo mwa citaganya, maboma athu onse analonjeza cinthu cina, ndico kutsitsa mphamvu kwa anthu. Lonjezo limeneli ndi lakale kuposa ambiri a inu. Mu 1969 kunabwera Abwanamkubwa a maboma, osankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko. Mu 1971 kunabwera lamulo la makomiti a citukuko m'midzi ndi m'mawadi. Mu 1980, m'nthawi ya cipani cimodzi, lamulo la Local Administration Act linasakaniza Khonsolo ndi cipani ca UNIP: Bwanamkubwa anakhala wapampando wa Khonsolo, ndipo makhansala anali kusankhidwa ndi a cipani okha-okha. Papepala anati mphamvu zatsika. M'coonadi mphamvu ya ku Freedom House ndiyo inatsika kudzakhala pa boma, ndipo ndalama zambiri za Makhonsolo zinathera pa malipiro a akulu-akulu a cipani. Ndinena ici kwa inu a Cipani mosabisa, kuti colakwa cimeneco cisadzabwerezedwe ndi cipani ciri conse. Lamulo la 1991, pamene zipani zambiri zinabwerera, linalekanitsanso Khonsolo ndi cipani, koma Makhonsolo anatsala osauka, makamaka nyumba zao zitagulitsidwa mu 1996.

Boma lathu lino la Rufunsa ndi mwana wa lonjezo lomwelo. Kufikira 2013, pamene a Michael Sata analipatula, tinali mbali ya Chongwe, ndipo munthu wa ku Shikabeta wofuna cikalata cimodzi anali kutaya masiku ndi ndalama za ulendo. Mu January 2016 Malamulo Oyendetsera Dziko anakonzedwa. Anatsimikiza kuti Zambia ndi dziko limodzi losagawika, koma analamulanso kuti kayendetsedwe ka zinthu katsike kucoka ku Boma lalikulu kufika ku Makhonsolo, ndipo analemba mndandanda wa nchito zimene ziri za Khonsolo yokha. Kuyambira caka cimeneco Wapampando wa Khonsolo mumsankha ndinu eni ake. Apa munda uja wobwereka unayamba kukhala ndi malire olembedwa. Dziwaninso kuti akatswiri amene analemba malamulowo poyamba anaikamo nyumba za malamulo za zigawo, koma aphungu anazicotsamo, ena ati cifukwa ca kukwera mtengo kwake. Tinafika pakhomo pa citaganya ndi kubwerera.

Tsopano ndiyankhe ambuye aja mwacindunji, ndipo ndipempha mumvetsetse ciwerengero ici. Tiyerekeze kuti mawa cigawo ca Lusaka capatsidwa boma lake ndi nyumba yake ya malamulo. Pa kalembera wa 2022 cigawo cathu cinali ndi anthu oposa pang'ono 3 miliyoni. Mwa amenewo, oposa 2 miliyoni anali mu mzinda wa Lusaka. Ife a Rufunsa tinali pafupi-fupi 80,000. M'nyumba ya malamulo yoteroyo, pa anthu 100 ali onse oimiridwa, athu sangafike atatu. Kodi muganiza kuti aphungu a ku Kanyama, Matero ndi Mandevu, amene anthu ao alira ngalande ndi zinyalala, adzasiya zao kuti amange mlatho kwa Shikabeta? Si kuipa mtima kwao ai; fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukanacotsa ndalama m'manja mwa Lusaka likulu la dziko ndi kuziika m'manja mwa Lusaka likulu la cigawo, ndipo pamwamba pake mukanalipira nduna zina, magalimoto ena ndi nyumba zina m'zigawo zonse khumi.

Palinso cina. Ngati cigawo ciri conse cisunga cuma cake, a ku Migodi ndi a ku North-Western, kumene kuli Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel, adzadya bwino, koma a ku Luapula ndi a ku Western adzagona ndi njala. Maiko a citaganya amene ayenda bwino, monga Germany, acita kulamula kuti zigawo zolemera zithandize zosauka, ndipo ngakhale kumeneko olemerawo adandaula mpaka kukhoti. Makala athu ndi cimanga cathu, tikaziika pa sikelo, sizingalipire aphunzitsi, anamwino ndi mankhwala a boma lino kwa caka. Zimene tilandira zicokera m'nkhokwe ya dziko lonse.

Kotero kuona kwanga n'kwakuti kwa munthu wa ku Rufunsa, mphamvu yoima pa cigawo yaima patali. Iyenera kufika pa boma ndi pa wadi. Anzathu a ku Kenya anacita cofanana ndi ici m'Malamulo ao a 2010: anasiya zigawo zao zazikulu zisanu ndi zitatu napanga maboma ang'ono 47, ndipo analemba kuti mabomawo azilandira gawo losacepera 15 pa 100 la ndalama za dziko. Anatenga mtima wa citaganya, ndiwo gawo lotetezedwa ndi lamulo, nauika pafupi ndi mudzi. Nako kuli mabvuto, pakuti akuba ena anangosamuka ku Nairobi kupita kumaboma, koma zipatala ndi miseu zinaoneka kumalo kumene kunalibe.

Kwathu kuno cida cacikulu ndi thumba la CDF, limene linayamba mu 1995. Mu 2021 dera la phungu mmodzi linali kupatsidwa K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazo zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika K36.1 miliyoni. Mu 2023 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anakhazikitsa ndondomeko yatsopano yotsitsa mphamvu, ndipo mwambowo unacitikira kwa anansi athu ku Chongwe. Caka comweco Boma linalamula kuti nchito zina, monga za umoyo za pa boma ndi za madokotala a ziweto, zipite pansi pa Makhonsolo. Zimenezi si zazing'ono, ndipo amene akana kuziona atseka maso dala.

Koma nchito siinathe, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati yatha. Kukula kwa CDF kudalira bajeti ya caka ndi caka. Dzina la thumbalo liri m'Malamulo Oyendetsera Dziko, koma kuculuka kwa ndalama zake mulibe. Boma limene linakweza lingathe kutsitsa, kapena lina lodzabwera. Ngati tifuna kubwereka kanthu ku citaganya, tibwereke ici: gawo la Makhonsolo lilembedwe m'malamulo akulu, ndipo kagawidwe kake kayang'ane kukula kwa dera ndi umphawi wake. Dera ngati lathu, kumene dilaiva wa ambulansi ayenda maola kuti afike kwa wodwala ndi kubwerera naye ku Mpanshya, silifanana ndi dera la m'tauni limene munthu alizungulira pa njinga.

Cina ndi ca anchito. Akulu a nchito a Khonsolo alembedwa ndi kusamutsidwa ndi bungwe la Local Government Service Commission, losakhala pano. Cifukwa cake n'comveka, ndico kuletsa makhansala kulemba acibale ao. Koma wanchito mwacibadwa aopa amene angamcotse, ndipo ngati womcotsayo ali kutali, madandaulo a pafupi awamva ndi khutu limodzi. Payenera kupezeka njira yakuti mau a Khonsolo ndi a anthu alemere pa kukwezedwa kapena kusamutsidwa kwa wanchito. Ndiponso pa boma pali Wapampando wosankhidwa ndi anthu ndi District Commissioner woikidwa ndi Boma lalikulu. Ine ndine wanchito wa Boma ndipo ndilemekeza maudindo onse awiri, koma makolo anati atambala awiri salira m'khola limodzi; malire a nchito zao afunika kulembedwa momveka kuti mlimi adziwe khomo logogoda.

Mbali yotsala ndi yanu, ndipo pano ndibwerera ku kabungwe kaja ka 1957 kamene kanali ndi mphamvu papepala pokha. Lamulo la Maboma Ang'ono la 2019 linaika Komiti ya Citukuko m'wadi iri yonse, ndipo nchito za CDF ziyenera kuyambira m'misonkhano ya m'midzi, kupita ku komitiyo, kenaka ku komiti ya dera lonse. M'maulendo anga ndapeza misonkhano yotere ili ndi anthu osakwana khumi, ndipo pambuyo pake mudzi wonse udandaula kuti mjigo unakumbidwa pakhomo pa munthu mmodzi. Ndapezanso atsogoleri ena a nthambi amene aganiza kuti ngongole za amai ndi acinyamata ndi mphatso ya a Cipani cao, yosabweza. Ai ndithu. Ndalamazo ndi za msonkho wa anthu onse, a cipani cathu, a zipani zina ndi opanda cipani, ndipo wosabweza alanda mnzake amene ali pamzere. Tikacita tero tidzakhala tabwezera 1980 ndi manja athu.

Tsono pobwerera ku nthambi zanu, citani izi mwezi uno usanathe. Pitani kwa khansala wanu mukapemphe maina a anthu a m'Komiti ya Citukuko ya wadi yanu ndi tsiku la msonkhano wao wotsatira, ndipo mukalengeze tsikulo kuchalichi, kucigayo ndi kwa anyakwawa. Mukafunsenso mndandanda wa nchito zimene zinabvomerezedwa m'wadi yanu, mtengo wa iri yonse ndi dzina la kontrakitala, ndi kupita kukaona ndi maso ngati cimene cinalembedwa ndico ciri pansi. Zimene mudzapeza mubwere nazo zolembedwa pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo ndapempha a Wapampando kuti ambuye aja amene anafunsa funso adzakhale oyamba kulankhula.